Ntchito ya masana inapita ndi magetsi: mmene tinapezera chomwe chinkazimitsa autosave mu AutoCAD

Nkhani iyi ndaiyika pano chifukwa cha anzanga amene mumaitanidwa m'maofesi a mapulani kukaona makompyuta, komanso inu amene mumakhalira AutoCAD, pulogalamu yojambulira mapulani, tsiku lonse. Maina sinditchula, koma ndi ofesi ina yaing'ono ku Blantyre, amajambula mapulani a nyumba, mashopu ndi midadada ya sukulu. Ine sindine wa pa ofesipo, amangondiimbira zikavuta. Ali ndi ma desktop anayi a Windows 10, onse ali ndi AutoCAD 2021, ndipo mafayilo a ntchito amakhala mu foda imodzi pa kompyuta ina yomwe iwo amaitcha seva. Ma UPS, timabokosi ta mabatire togwirizira kompyuta magetsi akazima, analipo koma mabatire ake anali atatopa kalekale, magetsi akazima kabokosi kamangolira kawiri kenako zii.

Chizindikiro choyamba chinaoneka kale ndithu ine ndisanaitanidwe. AutoCAD inauma pa kompyuta ya mtsikana wina wojambula, anaitseka mokakamiza, poitsegulanso sanapeze chilichonse chopulumutsidwa. Zomwe zinatayika zinali zochepa, mazenera angapo basi, nde anangojambulanso n'kupitiriza, palibe anafunsa kuti nanga autosave, kuseva kuja komwe pulogalamu imachita yokha pakapita mphindi zingapo, inali kuti. Ndikutchula zimenezi chifukwa vuto lonse likanagwidwa tsiku limenelo zinthu zisanafike poipa.

Tsiku lenileni la ngozi mtsikanayo ankamaliza pulani ya nyumba yosanja yomwe imayenera kupita ku khonsolo sabata yomweyo. Anaseva komaliza cha m'ma 10 m'mawa, kenako bwana anabwera ndi pepala lodzaza ndi inki yofiira, masitepe asinthe mbali, khitchini ikule, zimbudzi za m'mwamba zigwirizane ndi za pansi, nde iye anangozama mu ntchito mpaka cha m'ma 3 masana magetsi n'kuzima. Atayatsa jenereta anatsegula AutoCAD, Drawing Recovery Manager, zenera loonetsa mafayilo omwe angapulumutsidwe pulogalamu ikazima mwadzidzidzi, inatuluka kumanzere ngati mwa nthawi zonse, koma munali mafayilo awiri okha, DWG, yomwe ndi pulani yeniyeniyo, ndi BAK. Onse a m'mawa.

Anandiimbira mawu akunjenjemera. "Achimwene, ntchito yanga yonse ya masana sikuoneka, bwana akuti ili mu bak koma mulibe." Ndinati, "Asisi, musasevenso chilichonse, musadilite chilichonse, musazimitsenso kompyutayo, isiyeni choncho ndikubwera."

Nditafika chinthu choyamba sindinatsegule pulani iliyonse. Ndinakopera foda yonse ya polojekitiyo pa flashi, ndinakoperanso foda ya Temp yonse ya pa kompyuta yake, ija mumaipeza mukatayipa %TEMP% pa Run, chifukwa AutoCAD ngati munthu sanasinthe imaponya mafayilo a autosave mmenemo, mkati mwa AppData\Local\Temp ya yuza ameneyo. Ndimayamba ndi kukopera chifukwa pa nthawi ngati iyi aliyense mu ofesi amakhala ndi nzeru zake, wina tsegula ichi, wina seva icho, ndipo kuseva kulikonse kumasintha BAK. Chilichonse chomwe ndinayesa pambuyo pake ndinayesera pa kope.

Apa ndiime kaye pa nkhani ya BAK poti bwana anali atakakamira kuti ntchito ili mmenemo, ndipo anthu ambiri amaganiza chimodzimodzi. BAK si autosave ayi. Mukaseva, AutoCAD imatenga fayilo yomwe inalipo musanaseve n'kuisiya pambali ndi dzina lomwelo koma yothera ndi .bak, bola setting ya ISAVEBAK ikhale pa 1. Nde BAK nthawi zonse imakhala yakale kuposa DWG, singakhale ndi ntchito yomwe simunaseve. Imathandiza DWG ikaonongeka, kapena mukaseva zolakwika n'kufuna kubwerera mmbuyo kamodzi. Ndinamuonetsa bwanayo nthawi za mafayilo awiriwo pa sikirini, imodzi ya m'ma 10 ina ya m'ma 9, mpamene anakhala pansi.

Fayilo yomwe timafuna ndi yothera ndi .sv$. Dzina lake limayamba ndi dzina la pulani, kenako timanambala tolekanitsidwa ndi timizere ta pansi, kenako .sv$. Ndinasaka mu Temp, mulibe. Ndinasaka disiki yonse ndi *.sv$, mulibe ngakhale imodzi, ngakhale yakale. Zomwe zinalipo ndi ma .ac$ angapo, ndipo mnyamata wina wa mu ofesimo anali atayamba kale kunena kuti tiwasinthe maina akhale .dwg. Amenewo si mapulani, ndi timafayilo tomwe pulogalamu imagwiritsa ntchito pa zinthu ngati undo, simungatsegule n'kupezamo nyumba. Mu foda ya polojekiti munatsalanso .dwl ndi .dwl2, timafayilo tobisika tosonyeza kuti pulani ili m'manja mwa wina, ife tinatichotsa titatsimikiza kuti palibe wina waitsegula.

Kenako ndinatayipa SAVETIME, setting ya mphindi za autosave, pa command line, pomwe mumalembera malamulo mu AutoCAD. Yankho linabwera <0>. Ziro amatanthauza kuti autosave ndi yozimitsa, pomwe AutoCAD ikakhala yatsopano imabwera ili pa mphindi 10. Mu Options, pa Open and Save, kabokosi ka Automatic save kanalinso kopanda chizindikiro. Nde nkhani inasintha pomwepo, sikuti fayilo inatayika kapena inadilitidwa, siinalembedwe n'komwe. Bwana anafunsa ngati ndingayese mapulogalamu aja obweza mafayilo odilitidwa, ndinakana, ndinamuuza kuti tingotaya madzulo onse kusaka chinthu chomwe sichinakhaleko pa disiki. Kukana kumeneku kumafuna kulimba mtima chifukwa kasitomala amaona ngati simukuyesetsa, koma nthawi yomwe inatsala inali yochepa ndipo inkafunika kwina.

Funso lomwe linatipulumutsa ndi ili, ndinamufunsa mtsikanayo kuti kuyambira m'ma 10 mpaka magetsi kuzima, pali chilichonse chomwe chinatuluka mu pulaniyi? Kupulinta, kutumiza, kukopera mu pulani ina, chilichonse. Anaganiza pang'ono n'kuti eya, cha m'ma 1 anapanga PDF ya pansi ndi ya m'mwamba n'kutumizira bwana pa WhatsApp poti anali ku sayiti. Mwamwayi anaitumiza ngati document, osati chithunzi cha sikirini, nde mizere yonse inali ikadali mizere yeniyeni. Kope lake linalinso pa desktop.

Kuyambira AutoCAD 2017 kuli command ya PDFIMPORT yomwe imasandutsa mizere ya mu PDF kukhala mizere ya mu pulani. Tinatsegula fayilo yatsopano yopanda kanthu n'kulowetsamo PDF ija, dala sitinailowetse mu pulani yeniyeni. Inabwera pa kukula kwa pepala poti inapulintidwa pa sikelo ya 1:100, nde tinaikulitsa ndi SCALE pogwiritsa ntchito Reference, kutengera mtunda wa pakati pa magiridi awiri omwe timaudziwa bwino. Poyang'ana patali inkaoneka ngati ntchito yabwerera yonse, bwana mpaka anaomba m'manja, koma nditayeza khoma la 230 linkawerenga 229 ndi timadontho, lina 230 ndi timadontho. Zitseko zomwe zinali ma block, mizere yomangidwa pamodzi kukhala chinthu chimodzi, zinabwera zophwasuka, ma dimension anali mizere wamba ndi manambala oima paokha, ndipo malemba a SHX, mtundu wa zilembo za AutoCAD, anabwera ngati timizere tokhotakhota. Ilipo command ya PDFSHXTEXT yoyesa kubweza malemba amenewa, ife sitinavutike nayo.

Apa tinatsutsana pang'ono. Bwana ankafuna kuti tingotenga zomwe zabwerazo tiziike mu pulani tipulinte zipite. Ine ndi mtsikanayo tinakana, chifukwa pulani imeneyo ikupitanso kwa injiniya wa zitsulo ndi konkire, ikupita kwa wowerengera zipangizo, ndipo ikabwerera kuchokera ku khonsolo ndi zoti musinthe, munthu adzavutika ndi makoma osakumana pakona kwa miyezi. Tinagwirizana kuti fayilo yatsopano ija tinalowetsamo PDF ilowe mu pulani ya m'mawa ngati xref, kutanthauza fayilo yongolumikizidwa kuti izioneka mu pulani ina osasakanikirana nayo, yozilala, iye azijambula pamwamba pake ndi ma layer ake ndi ma block ake enieni, miyeso aziwerenga pa manambala osati kudalira pomwe mzere wagwera. Ndisanamupatse DWG ya m'mawa ndinaiyendetsa AUDIT, command yofufuza zoonongeka mu fayilo, sinapeze cholakwika. Kujambula motsatira chinthu chomwe unaganiza kale kumafulumira kwambiri, chifukwa nthawi yambiri ya wojambula imathera pa kuganiza kuti sitepe ithere pati, osati pa kukoka mzere. Za pakati pa 1 ndi 3 anazibweza ndi pepala la inki yofiira lija ndi zomwe ankakumbukira. Anagwira mpaka usiku, mawa lake anamaliza, pulani inapita ku khonsolo mu sabata yomweyo.

Ambiri tikanathera pamenepa, kubweza SAVETIME pa 10 n'kulandira yathu n'kumapita. Koma ine chinkandivuta ndi choti ndani anaika ziro. Bwana anali atayamba kale kumuloza chala mtsikanayo kuti amaseweretsa ma setting, iye akulumbira kuti Options sanaitsegulepo, ndipo nkhope yake inkaoneka kuti akunena zoona. Ndinazungulira makompyuta onse anayi kutayipa SAVETIME. Awiri anali pa 10, awiri pa 0. Winayo anali wa mnyamata uja wa ma .ac$, yemwe sankadziwa n'komwe kuti naye wakhala akujambula opanda chomugwira.

Ndinawakhazika pamodzi awiriwo n'kuwafunsa chomwe amachita iwo chomwe anzawo sachita. Zinatenga kanthawi, mpaka mnyamatayo anati iwo ndi amene amapanga ndandanda ya zitseko ndi mazenera, ndipo amagwiritsa ntchito ka LISP kena, kapulogalamu kakang'ono koyenda mkati mwa AutoCAD, koika manambala, D1, D2, W1, W2, umangodina chitseko nambala n'kudziika yokha. Anakatenga pa flashi kwa mnzake wa kusukulu, mnzakeyonso anakatenga kwina. Ndinatsegula fayilo ya .lsp ija mu Notepad n'kusaka mawu oti setvar. Pamwamba penipeni panali mizere iwiri, woyamba (setq old (getvar "SAVETIME")) wachiwiri (setvar "SAVETIME" 0), ndipo pansi pomaliza panali (setvar "SAVETIME" old).

Amene analemba analibe cholinga choipa, ankafuna kuti autosave isamudule pakati pa ntchito, akamaliza abweze mmene zinalili. Koma sanaike *error*, kagawo kaja kamene kamayenda munthu akadina Esc kapena china chikalakwika. Ndipo ka LISP kameneka kamangokufunsa chitseko china, chitseko china, nde aliyense akatopa amatuluka ndi Esc, mzere womaliza uja osafikidwa. SAVETIME simasungidwa mu pulani, imasungidwa mu registry ya Windows, momwe mapulogalamu amasungira ma setting awo, nde ziro uja amakhalabe ngakhale mutseke AutoCAD, muzimitse kompyuta, mutsegule pulani ina. Choipa kwambiri n'choti ulendo wotsatira, ngakhale munthu atuluke bwinobwino ndi Enter, kamasunga ziro ngati nambala yakale n'kubwezanso ziro yemweyo. Sikangadzikonze kokha.

Ndinamuitana bwana kuti aone ndi maso. Ndinaika SAVETIME pa 10, ndinayendetsa ka LISP, kudina zitseko ziwiri, Esc, kenako SAVETIME, <0>. Ndinachita dala pamaso pa onse chifukwa mtsikanayo anali atanyamula mlandu womwe sunali wake, ndipo m'maofesi ang'onoang'ono ngati awa mlandu wotere umamutsatira munthu mpaka pa malipiro. Bwana anangoti, "Pepani mwanawe, ndinakuganizirani zolakwika." Ine ndinamuuzanso mtsikanayo pambali kuti maola asanu opanda Ctrl+S ndi ambiri ngakhale autosave ikhale yamoyo, ndipo anavomera.

Pokonza ndinachotsa mizere itatu ija mu LISP, kanapitiriza kugwira ntchito bwinobwino. Kenako pa makompyuta onse ndinaika (setvar "SAVETIME" 5) mu acaddoc.lsp, fayilo yomwe AutoCAD imaiyendetsa pulani iliyonse ikamatsegulidwa, kuti ngakhale ka LISP kena kachilendo kadzabwere pa flashi, ziro asagone. Ndinaonjezeranso SAVETIME ndi ISAVEBAK mu SYSVARMONITOR, yomwe ilipo kuyambira AutoCAD 2016, imakuchenjeza nambala yomwe waiuza kuti iyang'anire ikasintha. Ndinasankha mphindi 5 osati 10 poti mapulani awo ndi opepuka, kuseva sikuwaimitsa, komanso magetsi a dera lawo ndi osadalirika. Kwa anzanga a mapu a malo ndi misewu amene fayilo imodzi imalemera kwambiri, mphindi 5 zingakutopetseni ndi kuimaima, ndipo munthu akatopa ndi amene amakazimitsa yekha autosave, nde onani kaye kulemera kwa ntchito.

Ndili mkati moyesa ndinapezanso vuto lachiwiri lomwe likanatidya ngakhale SAVETIME ikanakhala bwino. Pa makompyuta onse panali pulogalamu ina yotsuka zinyalala, yochunidwa kuti izisesa Temp kompyuta ikangoyaka. Ndinaponya kafayilo wamba mu Temp, kuyatsanso kompyuta, kafayilo kapita. Taganizani, magetsi azima, .sv$ ili mu Temp bwinobwino, mukuyatsa kompyuta kuti mukaitenge, yotsuka ija yafika kale inu musanatsegule AutoCAD. Kusunga autosave mu Temp pa kompyuta yotere kuli ngati kubisa ndalama m'dzala. Ndinapanga foda ya C:\Autosave pa kompyuta iliyonse n'kulozako SAVEFILEPATH, setting yonena komwe autosave izilemba, mukhozanso kusinthira mu Options pa Files, pa Automatic Save File Location. Bwana ankafuna fodayo ikhale pa seva kuti zonse zikhale pamodzi, ndinakana, chifukwa magetsi akagwedezeka chimayamba kugwa ndi netiweki, nde autosave izilemba pa disiki ya kompyuta yomwe munthu akujambulirapo.

Chomwe ndikupempha anzanga kuti musamadumphe ndi kuyesa. Pa kompyuta iliyonse ndinatsegula kope la pulani, kujambula mzere umodzi, kuika foda ya Autosave pambali pa sikirini n'kudikira mpaka .sv$ ioneke ndi maso. Wotchi ya autosave imayamba kuwerenga mukasintha kanthu mu pulani, ndipo mukaseva pamanja imayambiranso, nde musadabwe mukangotsegula pulani n'kukhala chete osaona kanthu. Itaoneka ndinapita ku Task Manager, pa Details, n'kupha acad.exe, yomwe ndi AutoCAD imene, kenako kutsegulanso. Drawing Recovery Manager inaonetsa atatu tsopano, DWG, BAK ndi SV$. Ndinawauza ojambulawo kuti aliyense achite yekha kamodzi ine ndikuona, kuti tsiku la ngozi asadzakhale koyamba kuona zenera limenelo. Likapanda kutuluka lokha mumaliitana ndi DRAWINGRECOVERY.

Ndinawauzanso malo omwe autosave sikutetezani ngakhale ili yoyatsa. Mukakhala mkati mwa Block Editor, momwe mumakonzera ma block, imakhala yoima. Mukasiya command ili pakati, mwachitsanzo mwayamba mzere n'kunyamuka kukadya, siiseva mpaka command ithe. Ndipo mukatseka pulani bwinobwino n'kudina No pofunsidwa ngati mukufuna kuseva, .sv$ imachotsedwa, pulogalamu imatenga kuti mwasankha nokha kutaya. Ichi chomaliza chimapweteka anthu ambiri, amabwera akulira kuti ndinadina No mwangozi, nthawi zambiri pamakhala palibe chochita.

Patapita masabata angapo magetsi anazimanso masana. Mtsikana uja anaimba, koma ulendo uno mawu ali m'malo, anati .sv$ ilipo ya mphindi zochepa magetsi asanazime, waitsegula, koma mapu a puloti omwe anali pansi pa nyumba sakuoneka. Chifukwa chake n'chosavuta, mapu aja anali xref yolumikizidwa ndi relative path, kutanthauza kuti imasakidwa kuyambira pa foda yomwe pulaniyo ili, nde pulani ikatsegukira mu C:\Autosave imasaka mnzakeyo pamalo polakwika. Ndinamuuza pa foni kuti atseke osaseva atakopera kaye .sv$ ija mu foda ya polojekiti, ayatse File name extensions pa View mu File Explorer kuti aziona mathero a dzina, aisinthe ikhale .dwg ndi dzina latsopano osati kuphimba yakale, kenako atsegule. Mapu anabwerera. Anayendetsa AUDIT, kenako COMPARE, yomwe inabwera ndi AutoCAD 2019, kufananitsa ndi DWG yakale kuti aone zomwe zasintha, atakhutira mpamene anaitenga kukhala pulani yeniyeni. Chinatayika ndi chitseko chimodzi ndi ma dimension awiri.

Mnyamata uja sizinamuyendere choncho tsiku lomwelo. Anali atakhala nthawi yaitali mu Block Editor akukonza block ya zenera yokhala ndi masaizi angapo, nde .sv$ yake inali ya asanalowemo, ntchito ya block yonse anaibwereza. Kuyambira pamenepo ma block ovuta amawapangira mu fayilo yawoyawo, amatuluka n'kuseva akamaliza kagawo kalikonse. Bwana anagula mabatire a UPS ya seva ndi ya makompyuta awiri, enawo akuti adikire kasitomala wina alipire, nde pakadali pano amene ali ndi ntchito ya changu ndi amene amakhala pa kompyuta ya UPS yamoyo. Ka LISP kokonzedwa kaja mnyamatayo anakatumizanso kwa mnzake amene anamupatsa, ndipo mnzakeyo atatayipa SAVETIME ku ofesi kwawo anapezanso <0>.